Dzina Lachisanu ndi Chiwiri

Lolemba, 3 Malichi

Andigoneka. Wodi ya amayi, bedi la pawindo, koma windolo likuyang'ana khoma la kochapira. Thupi latentha 39.4. Atenga magazi mabotolo atatu. Kabukuka ndabwera nako kuti ndizilembamo mankhwala ndi maola ake, chifukwa Amayi amangogwedezera dokotala mutu, akachoka n'kundifunsa ine kuti wati chiyani.

Lachiwiri, 4 Malichi

Ajambula mtima. Dokotala Wagdi akuti tizilombo talowa m'magazi, takamanga chisa pa kachitseko ka mtima kamene kanawonongeka ndili mwana. Penisilini wa m'mitsempha maola anayi alionse, ndi jakisoni wina kawiri pa tsiku. Masabata asanu ndi limodzi.

Ndamuuza kuti Malichi si mwezi wodwala. Aphunzitsi onse a payunivesite akuthamangitsa mapepala awo kukomiti yokweza maudindo, ndipo kusitolo yotayipira ya Haji Metwalli, kumene ndimagwira, wodziwa ntchito yanga ndine ndekha. Wati, "Mayi Rabab, mtima suwerenga kalendala." Kunena zanzeru n'kosavuta ukakhala woimirira.

Lachitatu, 5 Malichi

38.9. Bedi loyandikana nalo muli Amake Sabri, a shuga ndi chilonda cha kuphazi. Asanafunse dzina langa afunsa ngati ndili pabanja. Kenako ntchito.

Ndati, "Ndimakonza michira ya mapepala a anthu ophunzira."

"Michira?"

"Munthu akalemba pepala la sayansi, kumapeto amaika mndandanda wa zolemba za anzake zimene watapamo nzeru. Timati marefarensi. Dzina la wolemba, mutu wa nkhani, magazini, chaka, masamba. Magazini iliyonse ili ndi kayalidwe kake. Iyi ikufuna manambala, iyo ikufuna alifabeti. Ukalakwitsa akubwezera pepala lonse asanaliwerenge n'komwe."

"Ndiye madokotala onsewo sangathe okha?"

"Amatha kutsegula mimba ya munthu. Kuika mpumiro pamalo pake, ayi."

Aseka mpaka Sisita Fatheya wasuzumira pakhomo. Kenako ati, "Pakamwa potero, mwanawe, n'chifukwa chake ulibe mwamuna." Tigwirizana.

Lachisanu, 7 Malichi

38.2. Amayi abwera ndi therere la denje, mpunga, ndi malalanje asanu ndi limodzi. Pansi pa malalanje panali envelopu yaikulu yakhaki.

"Mchimwene wako akuti ngati uli ndi mphamvu pang'ono..."

"Ndilibe mchimwene. Ndili ndi dokotala wa nkhono amene tinangobadwa naye mimba imodzi."

"Rabab, anthu akumva."

"Amve. Akamupatse mkazi wake amutayipire."

Envelopu ayisiya dala mukabati. Sindinaigwire.

Loweruka, 8 Malichi

Amake Sabri sanandisiye mpaka ndawauza, ndiye ndilembenso pano kuti ndisadzaiwale ngati matendawa andifewetsa.

Zaka ziwiri ndi miyezi isanu zapitazo Ababa anagwa, mbali imodzi n'kufa ziwalo. Linali Lolemba. Medhat, dokotala wa nkhono uja, anali ndi tikiti ya ndege ya Lachitatu, kukawerenga pepala lake kumsonkhano wa ku Ulaya. Anapita. Ababa anatisiya Lachinayi m'mawa, tinawaika tsiku lomwelo itatha swala, pemphero la masana. Anawanyamula ndi anthu oyandikana nawo nyumba. M'manda anatsika ndi msuweni wathu kukawayala. Mwana wawo wamwamuna mmodzi yekhayo anafika Lamulungu, atakoleka paphewa chikwama cholembedwa dzina la msonkhano.

Amayi amati Ababa ndiwo anamugwedezera dzanja kuti apite. Munthu amene pakamwa papotoka akagwedeza dzanja, aliyense amawerengapo zimene akufuna.

Kuyambira tsiku limenelo sindinamuyankhule. Pa Idi ndimamupatsira tiyi kudzera mwa Amayi.

Amake Sabri ati, "Zaka ziwiri? Ine mchemwali wanga ndinamusala zaka khumi ndi chimodzi chifukwa cha mphika wamkuwa."

"Munakhululukirana bwanji?"

"Anamwalira."



Lolemba, 10 Malichi

37.8. Asintha kanula yolowetsera mankhwala mumtsempha, tsopano ili kudzanja lamanzere. Lamanja lamasuka, ndipo dzanja lopanda ntchito ndi loopsa. Ndatsegula envelopu. Kungoona basi.

Masamba makumi awiri ndi anayi, za nkhono zofalitsa likodzo m'ngalande za kwathu kuno. Marefarensi 58. Ambuye! Ena ali ndi chaka kutsogolo, ena kumbuyo. Atatu alibe masamba. Wina walembedwa kawiri, nambala 9 ndi nambala 41, ngati mlendo wadyera amene wabwereranso pamzere wa chakudya atasintha chipewa. Munthu uyu ali ndi madigiri atatu. Ine ndinalekera kusekondale kuti m'nyumba mukhale wophunzira mmodzi wokwanira, ndiye wokwanirayo ndi ameneyu.

Waikamo ndi pepala la malamulo a magazini. Ndi ija yaikulu ya kunja, imene aphunzitsi amaitchula motsitsa mawu. Manambala m'nkhani, mndandanda motsata manambalawo. Ndimaidziwa ngati njira ya kumsika.

Ndapempha Sisita Fatheya cholembera chofiira. Sindikumuthandiza. Maso anga ndi amene sapirira uve.

Lachiwiri, 11 Malichi

Ndafika pa nambala 14 ndipo ndaima.

Ndi pepala la 1991, la Pulofesa Abadir ndi anzake. Olemba asanu ndi awiri. Wachisanu ndi chiwiri ndi Ghoneim A. Amenewo ndi Ababa.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi anayenda m'ngalande atavala magambutsi, ndi sefa ya mpini wautali, kutola nkhono, kuziwerenga, kulemba m'kope tsiku ndi malo. Likodzo analidwala kanayi. Mapepala ambiri anatuluka m'makope awowo, koma ndi Pulofesa Abadir yekha amene ananena kuti wotola nkhono nayenso alembedwe. Kamodzi kokha. Tsamba loyamba la pepalalo lili mufelemu pabalaza pathu. Ababa Chingerezi sankachidziwa, koma malo a dzina lawo ankawadziwa. Mlendo aliyense, ngakhale wowerenga mita ya magetsi, ankamukokera pamenepo. "Uyu ndine." Chala pagalasi. Amayi ankapukuta Lachinayi lililonse, pofika Loweruka chidindo cha chala chabwerera.

Lamulo la magazini iyi likuti olemba akapitirira asanu ndi mmodzi, lembani asanu ndi mmodzi oyamba, otsalawo muwamange m'timawu tiwiri ta Chilatini, et al., kutanthauza "ndi ena".

Ndadula mayina a anthu mazana ndi lamulo limeneli. Sindinaganizepo kuti "ena" aja ali ndi ana.

Lachitatu, 12 Malichi

Ndawerenga malamulo katatu kufuna pobowola. Palibe. Makope a Ababa sangalowe mumndandanda chifukwa sanasindikizidwe. Kuwatchula ngati munthu amene anakuuza pakamwa, magazini ikufuna kalata yosainidwa ndi mwiniwake. Akasaine kuti?

Ndajambula mzere wofiira pa dzina lawo. Ndi ntchito yanga. M'mphepete ndalemba kuti: "14. Ababa adulidwa, malinga ndi lamulo. Musadandaule, Adokotala. Munazolowera kupitirira opanda iwo."

Ndamaliza onse 58. Envelopu apita nayo Amayi.

Lachisanu, 14 Malichi

Kutentha kwabwerera. 39.1. Mkono watupa pamene panali kanula.

Loweruka, 15 Malichi

39.6. Kuzizidwa. Magazi ena.

Lolemba, 17 Malichi

Ndalephera kudya. Amake Sabri andisendera lalanje, akundidyetsa kachigawo kachigawo uku akunditukwana.

Lachitatu, 19 Malichi

38.0. Ajambulanso mtima. Chisa chija sichinakule, sichinachepe. Dokotala Wagdi akuti akadzajambula pa 31 chikadali chomwecho, tidzakambirana za opaleshoni. Wanena "tidzakambirana" ngati ine ndidzakhala ndi mpeni wanga.

Kunja kuli mphepo ya fumbi, thambo lachita chikasu. Atseka mawindo koma mchenga ukumveka m'mano. Masiku otere Ababa ankabwera kunyumba nsidze zili mbuu, n'kukhala pakhomo kuti ndiwavule magambutsi. Ndinkakoka, iwo n'kumapinda phazi dala mkatimo kuti ndigwe chagada. Tsiku lililonse ndinkagwa, tsiku lililonse ankadabwa. Fungo la matope a m'ngalande ndinkadana nalo. Lero ndikanalipira kuti ndilimve.

Lachisanu, 21 Malichi

37.6. Amayi abwera ndi kabichi wokulungira mpunga, ndi malalanje. Za envelopu sananene kanthu. Inenso sindinafunse. Ndangofunsa ngati galasi la felemu akumapukutabe. Ati palibe chopukuta, silidanso.

Ndiye kuti pepala lapita. Ndiye kuti anawerenga mawu anga n'kungokweza mapewa. Ndinkafuna chiyani, kuti alire? Inde.

Lolemba, 24 Malichi

37.2. Jakisoni wachiwiri uja asiya, watsala penisilini yekha.

Amayi afika si tsiku lawo, atanyamula laputopu ya kusitolo, akuti Haji Metwalli wabwereketsa. Ndi envelopu yomwe ija. Mkati muli pepala lomwelo, zofiira zanga zonse zili momwemo, koma malamulo ndi ena. Wasintha magazini.

Ndakalipa mpaka Sisita Fatheya wabwera kudzagwira dzanja langa kuwerenga mtima. Magazini yatsopanoyi sifuna manambala. Ikufuna dzina ndi chaka m'kati mwa nkhani, mndandanda motsata alifabeti. Ndiye kuti nambala iliyonse m'masamba 24 ichotsedwe, onse 58 ayalidwenso kuyambira pachiyambi. Ntchito ya masiku atatu ya munthu wodwala mtima waitaya m'ngalande, popanda ndi kakalata komwe. Ngakhale "pepani". Ngakhale "uli bwanji".

Amayi ati, "Wangoti uwerenge malamulowo."

"Akuphunzitsa ine kuwerenga malamulo?"

Ndaponya zonse kumiyendo kwa bedi.

Lachiwiri, 25 Malichi

Ndawerenga malamulowo.

Ndime yachisanu ndi chinayi, mzere wachiwiri: mumndandanda lembani mayina a olemba onse, ngakhale achuluke bwanji. Pansi pa mawu akuti "onse" pali kamzere ka pensulo, kopepuka, ngati wojambulayo amaopa kuti ndimumva.

Ndakhala nalo pepalalo pamiyendo mpaka botolo la penisilini latha, Sisita n'kudzandikalipira kuti bwanji sindinaitane.

Lachitatu, 26 Malichi

37.0. Sindikufuna kuganiza, koma mutu wanga unaphunzira ntchito ya anthuwa.

Magazini imeneyi ndikuidziwa. Ndi yaing'ono, ya bungwe la akatswiri a tizilombo la konkuno. Ndi yoona, si yachinyengo, koma komiti yokweza maudindo siiyesa mofanana ndi ya kunja ija. Ndatayipira aphunzitsi okwanira kuti ndidziwe mmene amapimira. Medhat ali ndi mapepala anayi apakatikati. Amafunika limodzi lolemera kuti adutse chaka chino, ndipo lolemeralo linali ili. Akalipereka kwa aang'onowa sadutsa. Adikira chaka china, mwina ziwiri, kufikira atapeza nkhono zina zomulembera pepala lina. Anzake amene anayamba nawo limodzi adzakhala akumusainira mafomu.

Akudziwa zimenezi kuposa ine.

Chitsiru. Ababa anadwala likodzo kanayi kuti iye akwere, osati kuti atsike kudzawatola.

Komanso ndikufuna dzinalo lilembedwe. Ndikulifuna ngati madzi. Zonse ziwiri ndi zoona ndipo zandikhala pachifuwa, pamwamba pa tizilombo.

Ndayamba kuyala alifabeti. Abadir akuyamba ndi A, kenako b, kenako a. Palibe womupitirira. Nambala 14 yakwera pamwamba pa onse.

Lachinayi, 27 Malichi

Amake Sabri awadula zala ziwiri za kuphazi dzulo. Lero adzuka ndi njala ndi miseche.

"Iwe, bambo wadazi amene amakhala pabenchi pafupi ndi masitepe uja ndi ndani wako?"

"Bambo uti?"

"Wa jekete lotuwa. Pondipititsa kuopaleshoni ndamuona, pondibweza ndamuonanso. Sisita akuti amabwera Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, ola la alendo lonse amangokhala. Malalanje amene umandipatsa aja ukuganiza amathyola mayi ako? Mayi ako amakwera masitepe ndi poto basi. Thumba amalandirira pabenchipo."

Ndati sindikumudziwa.

"Chabwino. Ngati si wako ndipatse ine, Sabri akufunika bambo."

Dazi. Medhat analibe dazi. Ndakhala naye patebulo limodzi pa Idi kanayi konse osakweza maso.

Ndadya malalanje ake masabata atatu. Ndikanadziwa ndikanadyabe, koma mokwiya.

Lachisanu, 28 Malichi

36.9. Mndandanda watha, kupatula mzere umodzi. Pa refarensi yoyamba ndalemba mayina asanu ndi limodzi, mpatuliro, n'kusiya mpata.

Amayi atalowa ndi poto ndi thumba ndati, "Kamuuzeni wa malalanjeyo alowe. Pali funso la ntchito."

Amayi anatuluka mothamanga, slipasi imodzi n'kutsala pakhomo.

Dazi lilipodi. Waonda. Anaima kumiyendo kwa bedi manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu woitanidwa kuofesi.

"Rabab. Ukupeza bwanji?"

"Za thupi langa funsani Dokotala Wagdi. Ine ndikufunsa za pepala. Adokotala, mwapenga?"

"Mwina."

"Mukudziwa kuti simudutsa?"

"Ndikudziwa."

"Ababa akanakhalapo akanakuswani ndi gambutsi."

"Lamanzere. Lija linali ndi chigamba cholimba."

Ndinatsala pang'ono kuseka, zimene zinandikwiyitsa kwambiri. Ndinamuuza kuti ntchito yoyamba ija sindinaitaye, ndinaitayipanso, ili mulaputopu, yoyera, yokonzeka. Akhoza kuitumiza kunja lero lomwe, komiti isanatseke. Sindidzanena kanthu. Ndinalonjeza, ine Rabab, kuti sindidzanena kanthu, ndipo Amake Sabri anatsokomola.

Anakhala pampando. Anati, "Nambala iliyonse ya m'chigawo choyamba cha pepalali ndinaitenga m'makope awo. Ndinawerenga mawu ako aja, ndinakatsegula makopewo. Masamba ena ndi olimba ndi matope. Pa 3 Febuluwale 1988 analemba kuti, nkhono 212, Medhat wakhoza mayeso." Kenako anati, "Tsiku lija pabwalo la ndege ndinatuluka pamzere kawiri, Rabab. Kachitatu ndinalowa. Ndinadziuza kuti anandigwedezera dzanja. Sindikudziwa ngati ankati pita kapena bwera kuno. Sindidzadziwa."

Ndakhala zaka ziwiri ndikusula mayankho a tsiku limeneli. Onse anali okonzekera munthu wodziikira kumbuyo. A munthu uyu ndinalibe.

Ndinamutembenuzira laputopu. "Pali mpata apo. Ine dzanja latopa."

Amatayipa ndi zala ziwiri, ngati nkhuku yotola mapira. G anamufunafuna nthawi yaitali. Amayi anaima kumbuyo kwake atagwira chivundikiro cha poto, iwonso Chingerezi sachidziwa, koma malowo anawazindikira.

Ghoneim A.

"Mpumiro, achimwene. Kumapeto."

Anaika. Kenako ananditembenukira, chifukwa anamva mmene ndamuitanira. Ine ndinayang'ana khoma la kochapira.

Ndiye anatambasula dzanja n'kugunda dzinalo ndi chala, pagalasi penipeni pa laputopu. Kusitolo aliyense amadziwa kuti wogwira galasi langa ndimamumenya ndi rula, kaya ndi pulofesa. Chala chake chinali ndi madzi a lalanje limene Amake Sabri anamukakamiza kusenda.

Amake Sabri anati, "Ndiye bambowa ndi ako kapena ndiwatenge?"

Lolemba, 31 Malichi

36.8. Ajambula. Chisa chachepa ndi theka. Opaleshoni ayi, pakadali pano. Atsala masabata awiri a penisilini.

Pepala linapita dzulo kwa aang'ono aja. Medhat sadutsa chaka chino.

Sindinamukhululukire, Amayi asayambe kuuza anthu. Ndangomuuza kuti benchi ija ndi ya odwala, azilowa, ndipo Lachitatu abwere ndi makope a Ababa ndiwaone. Ndikufuna ndione ngati pali tsiku limene analemba za ine.

Haji Metwalli watumiza uthenga kuti laputopu ibwerere mawa, yoyera mmene inachokera. Chidindo cha chala chikadali pakona yakumanzere, pamwamba. Ndapukuta kiyibodi, ndapukuta chivundikiro, ndapukuta ndi chingwe chomwe. Pamenepo Haji akapukute yekha.